Momwe mungatsatire mpira wa makoleji a ku America mpaka pa chikho: tiphunzire pa Ohio State ya 2024

Mpira wa makoleji a ku America, uja wovala zisoti zolimba ndi kugwetsana, sumveka munthu akayamba ndi buku la malamulo. Umamveka mukasankha timu imodzi n'kuyenda nayo kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Januwale. Popeza ambiri simungadikire miyezi yonseyo, njira yachidule nayi: tengani sizoni imene inatha kale, ya 2024, muitsatire ndi Ohio State, timu ya mumzinda wa Columbus imene inanyamula chikho pa 20 Januwale 2025. Masewero ake akuluakulu mungawapeze pa YouTube. Ndinene poyera kuti timuyi si yanga. Ine ndimakhala ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu, ndipo kuno aliyense ndi wa Notre Dame, timu imene Ohio State inaigonjetsa mu fainolo. Koma pophunzirira, sizoni ya Ohio State ndiyo yabwino, chifukwa timuyi inagwa kawiri anthu akuona isanafike pa chikho.

Muyambe ndi manambala a pansi pa sikirini

Diso lozolowera mpira wamiyendo limathamangira kumene kuli mpira. Kuno mukatero mungoona mulu wa anthu akugwa, kudzuka, kunong'onezana, n'kugwanso. Yang'anani kaye kamzere ka manambala kamene kamakhala pansi pa sikirini.

Bwalo ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imaperewera pang'ono kukwana mita. Mbali iliyonse imalowetsa osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4, imene amaitcha ma down, kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa, amaipatsanso ina 4. Ikalephera, mpira ndi wa adani pamalo pomwepo. N'chifukwa chake mpata wachinayi ukafika, nthawi zambiri timu imangoumenya mpirawo kutali kuti adaniwo akayambire kwawo. Ndiye kuti mpata wa moyo kapena imfa ndi wachitatu. Pa sikirini pakalembedwa 3rd & 2, ndi mpata wachitatu ndipo kwatsala mayadi 2, zinthu zilibwino. Pakalembedwa 3rd & 11, timu ili pamoto. Nambala imeneyi muisunge, tikaipezanso ku Atlanta.

Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndi touchdown, mapointi 6. Zikatero timu imasankha kumenya mpira pakati pa milongoti kuti iwonjezere 1, kapena kuyesa kulowanso kuchokera pafupi kuti iwonjezere 2. Kumenya pakati pa milongoti popanda touchdown ndi field goal, mapointi 3. Choncho zolowerani kuwerenga kusiyana kwa zigoli m'magulu a 8. Timu yotsalira ndi mapointi 8 ikadali moyo, chifukwa ulendo umodzi wabwino ungafananitse zinthu. Yotsalira ndi 9 ikufunika maulendo awiri, ndipo wotchi siidikira. Masewero ali ndi zigawo 4 za mphindi 15, koma chifukwa choimaima amadya maola 3 kapena kuposa. Za timbendera tachikasu timene oyimbira amaponya pansi mudzazitola m'njira.

Ligi yopanda ndandanda wa mapointi

Mu 2024 gawo lapamwamba linali ndi matimu 134, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 12 okha zolimbirana zikho zisanayambe. Palibe zoti tikumane kwanu kenako kwathu. Matimu ali m'magulu: Ohio State ili mu Big Ten, ya matimu 18, pomwe Georgia, Texas ndi Tennessee ali mu SEC, ya matimu 16. Notre Dame yathu ilibe gulu, imadzikonzera yokha oti isewere nawo. Poti matimu ambiri sakumana n'komwe, amene amaweruza kuti wamphamvu ndani ndi komiti ya anthu 13 imene imakumana ku Grapevine, ku Texas, n'kumatulutsa mndandanda wa matimu 25 Lachiwiri lililonse kuyambira kumayambiriro kwa Novembala. Inde, anthu okhala m'chipinda ndiwo amasankha. Mukwiya nazo, tonse timakwiya nazo. Mindandanda ya atolankhani ya mu Seputembala musatayire nthawi, wa komiti ndiwo uli ndi mano.

Kuyambira 2014 mpaka 2023 komitiyi inkasankha matimu 4 okha olimbirana chikho mu playoff, mpikisano umene wogonja amatuluka, ndipo palibe timu yogonja kawiri imene inalowapo. Mu 2024 anakweza chiwerengero kufika pa 12. Ohio State inagonja kawiri chaka chimenecho. M'dongosolo lakale, nkhani yake ikanathera pa 30 Novembala.

Musanaonere chilichonse, fufuzani amene atsala ndi amene abwera

Sizoni imayamba kuphikidwa mu Januwale, mabwalo ali otseka. Kuyambira 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina lawo, ndipo akhoza kusamuka sukulu n'kusewera chaka chomwecho. Ndiye funso lanu loyamba likhale lakuti, ndani wakana kupita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, ndipo ndani wabwera kuchokera kwina?

Ku Ohio State yankho linali loopsa. Michigan, mdani wawo wamkulu, inali itangotenga chikho cha 2023 ndipo inali itawagonjetsa zaka 3 zotsatizana. Anyamata amene akanatha kupita kukalandira ndalama za NFL, monga Jack Sawyer, JT Tuimoloau, Emeka Egbuka ndi TreVeyon Henderson, anasankha kutsala. Kenako anabweretsa quarterback (woponya mpira amene amatsogolera timu) Will Howard kuchokera ku Kansas State, wothamanga ndi mpira Quinshon Judkins kuchokera ku Ole Miss, ndi wotchinga Caleb Downs kuchokera ku Alabama. Panabweranso mnyamata wa zaka 18 wochokera ku sekondale ku Florida, wowakha mpira dzina lake Jeremiah Smith. Mkulu wa zamasewero pasukulupo, Ross Bjork, ananena kuti osewerawo alandira ndalama pafupifupi $20 miliyoni. Chip Kelly anasiya umphunzitsi wamkulu ku UCLA kudzakhala wothandizira Ryan Day, mphunzitsi wamkulu wa Ohio State. Mukadziwa zimenezi, mumvetsa chifukwa chake kugonja kulikonse kwa timuyi kunkamveka ngati mlandu.

Seputembala mudumphe, koma zotsatira muzione

Ohio State inakwapula Akron 52-6, Western Michigan 56-0, Marshall 49-14. Sukulu zing'onozing'ono zimalipidwa kuti zibwere kudzamenyedwa, ndipo simuphunzirapo kanthu. Ingoyang'anani zotsatira Lamlungu m'mawa, chifukwa nthawi zina wolipidwayo amaluma. Pa 7 Seputembala Notre Dame inalipira Northern Illinois $1.4 miliyoni, ndipo alendowo anapambana 16-14 kuno kwathu. Tsiku limenelo m'tauni muno munali zii, ngakhale m'magolosale anthu ankalipira osayang'anana. Notre Dame sinagonjenso mpaka mu fainolo, inapambana masewero 13 motsatizana.

Oregon ndi Penn State: phunzirani wotchi ndi zimphona zisanu

Masewero oyamba oti muonere ndi a pa 12 Okutobala ku Eugene, kwawo kwa Oregon. Ngati nthawi ilibe, onerani mphindi 2 zomaliza. Ohio State ikutsalira 32-31 ndipo yafika pamalo oti field goal ingatheke. Smith akankha womutchinga, oyimbira abweza timu mayadi 15. Kwatsala masekondi 10, Oregon ilowetsa osewera 12, ilandira chilango cha mayadi 5 okha koma masekondi 4 apita, ndipo masekondiwo ndiwo anali golide. Patangopita masiku ochepa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji, inatseka mpata umenewu m'malamulo. Pa mpata womaliza Howard athamanga yekha, atsetsereka pansi kuti aimitse wotchi, koma wachedwa, wotchi yafika pa ziro. Bwezerani kawiri kapena katatu, maso ali pa wotchi yokha.

Koma chachikulu m'masewerowo sichinali chimenecho. Josh Simmons, chimphona chimene chinkateteza Howard kumanzere, anavulala bondo ndipo sanasewerenso sizoni yonse. Mu Novembala Seth McLaughlin, wapakati pa mzere amene amayambitsa mpira, anaduka mtsempha wa kuchidendene pokonzekera. Apa ndi pamene ndimakakamira aliyense amene ndikumuphunzitsa: masewero akatha, fufuzani ngati zimphona zisanu za kutsogolo zili bwino. Mayina awo samveka pa wailesi, koma zikaphwasuka, quarterback wa ndalama zambiri amakhala nyama. Ohio State inasuntha Donovan Jackson kuchoka m'kati kupita kumanzere kwenikweni, malo amene sanali ake, ndipo chikho chinadalira ngati angapirire.

Yankho loyamba linabwera pa 2 Novembala kwawo kwa Penn State, pamaso pa anthu oposa 110,000. Ohio State ikutsogola 20-13, Penn State ifika mayadi 3 kuchokera pa touchdown ndi mipata yonse 4 m'manja. Katatu athamangira pakati, katatu agunda khoma. Kachinayi aponya, mpira ugwa pansi. Kwatsala mphindi 5 ndi masekondi pang'ono, ndipo Ohio State, ndi mzere wake wosokedwasokedwa uja, ingothamanga ndi mpira mpaka wotchi kutha, osaubwezanso. Pa gawo limeneli musayang'ane wonyamula mpira. Yang'anani ngati anthu asanu aja akukankhira adani kumbuyo.

Michigan: awa muonere onse

Kuti mumve kulemera kwake, ganizirani Bullets ndi Wanderers, koma zikukumana kamodzi kokha pachaka, Loweruka lomaliza la sizoni. Sabata imeneyo ku Columbus anthu amamata tepi yofiira pa chilembo M pa zikwangwani za pasukulu. Osewera akagonjetsa Michigan amalandira kachikumbutso kagolide kooneka ngati thalauza, ndipo gulu la Sawyer linali lisanakalandirepo.

Pa 30 Novembala Michigan inabwera ku Ohio Stadium, bwalo la anthu oposa 102,000, itapambana masewero 6 n'kugonja 5. Obetcha ankati igonja ndi mapointi pafupifupi 20. Onerani mmene Ohio State inasewerera mwamantha ndi mwamakani nthawi imodzi. Mphamvu ya Michigan inali pakati pa mzere, pamene panali Mason Graham ndi Kenneth Grant, ndipo Ohio State, yokhala ndi owakha mpira abwino koposa m'dziko lonselo, inkangothamangira pamenepo ngati ikufuna kutsimikizira winawake kuti ndi yolimba. Howard anaponyera adani kawiri. Jayden Fielding anaphonya ma field goal awiri osavuta. Zigawo ziwiri zomaliza sanapeze pointi ngakhale imodzi. Kutatsala masekondi 45, Dominic Zvada wa Michigan anamenya field goal ya mayadi 21, ndipo zinathera 13-10.

Kenako osewera a Michigan anafuna kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo, ndewu inabuka, apolisi anapopera tsabola m'maso, ndipo Big Ten inalipiritsa sukulu iliyonse $100,000. Ochemerera ambiri ankafuna Day achotsedwe, munthu amene anali atapambana pafupifupi masewero onse kupatula amenewa. Ine, monga wa Notre Dame, ndinadya bwino usiku umenewo.

Chifukwa chimene ndikukuuzirani kuti muonere maola onse atatu a masewero otopetsawa n'chakuti mukangomaliza, mutsegule chigawo choyamba cha masewero otsatira. Kusiyana kwake ndiye phunziro lonse la sizoniyi.

Kuwerenga ndandanda wa playoff

Pa 8 Disembala komiti inatulutsa matimu 12. Malo 5 anali a akatswiri a magulu, 7 a ena onse. Akatswiri 4 apamwamba, Oregon, Georgia, Boise State ndi Arizona State, anapumula ndime yoyamba. Ohio State, poti sinafike n'komwe mu fainolo ya Big Ten, inaikidwa pa nambala 8, Notre Dame pa 7. Musapusitsidwe ndi nambala. Tsatani mzere ndi chala muone amene timu ikumane naye ikapambana. Wa nambala 8 anali woti akumane ndi nambala 1, kutanthauza kuti Oregon, imene sinagonjepo chaka chonse, mphotho yake inali kukumananso ndi Ohio State yokwiya. Onse 4 opumulawo anatuluka pa masewero awo oyamba, ndipo chaka chotsatira lamulo la kasanjidweka linasinthidwa. Ndime yoyamba imaseweredwa pasukulu, ndime ya matimu 8 ndi ya matimu 4 zimaseweredwa m'masewero akale otchuka a bowl, pabwalo limene si kwawo kwa timu iliyonse.

Masewero anayi, ndi choyang'ana pa aliwonse

Tennessee, 21 Disembala, ku Columbus, usiku wozizira pansi pa ziro. Anyamata ena a Tennessee anatuluka kukatenthetsa thupi opanda malaya kuti aonetse kuti chisanu sichiwaopsa. Onerani chigawo choyamba chokha: Howard aponyera Smith mpira wautali wa mayadi 37, ndipo chigawocho chisanathe ndi 21-0. Timu imene masabata 3 apitawo inkagunditsa mutu pakhoma tsopano ikuyamba ndi kuponya kutali. Zinathera 42-17.

Oregon, 1 Januwale, Rose Bowl ku Pasadena. Chigawo chachiwiri chisanathe inali 34-0. Smith anawakha mipira 7 ya mayadi 187, ndipo quarterback wa Oregon, Dillon Gabriel, anagwetsedwa ka 8 asanaponye, pomwe mu Okutobala sanamugwetse ngakhale kamodzi. Zinathera 41-21. Dutsanipo msanga.

Texas, 10 Januwale, Cotton Bowl ku Arlington. Awa ndiwo abwino koposa. Texas inamuunjirira Smith moti anawakha mpira umodzi wokha wa mayadi 3, choncho muone mmene timu imapezera njira ina nyenyezi yake ikatsekedwa: kutatsala pang'ono kupumula, Henderson alandira kampira kafupi n'kuthawa nako mayadi 75. Chakumapeto Ohio State ikutsogola 21-14, Texas ifika yadi imodzi kuchokera pa touchdown. Mpata woyamba atsekedwa. Wachiwiri ayesa kuzungulira m'mbali, ataya mayadi 7. Wachitatu mpira ugwa pansi. Wachinayi, mayadi 8, kumenyera kutali kulibe ntchito. Ikani maso pa nambala 33 kumapeto kwa mzere wa otchinga. Sawyer amuzungulira womutchinga, amenya dzanja la Quinn Ewers, quarterback wa Texas, mpira usanachoke, mpirawo udumpha pansi n'kumugwera m'manja, ndipo munthu wolemera makilogalamu oposa 115 athamanga mayadi 83 anzake akumuperekeza. Ewers anayambira ku Ohio State asanasamukire ku Texas, ndipo iye ndi Sawyer ankagona nyumba imodzi. 28-14.

Notre Dame, 20 Januwale, ku Mercedes-Benz Stadium, Atlanta. Ife tinafika kumeneko titagonjetsa Indiana 27-17, Georgia 23-10 ndi Penn State 27-24, tikufuna chikho choyamba kuyambira 1988, ndi mphunzitsi Marcus Freeman amene iye mwini anasewerapo Ohio State. Ulendo woyamba wa Notre Dame ndi phunziro la kudya wotchi: mipata 18, mayadi 75, mphindi pafupifupi 10, quarterback Riley Leonard akuthamanga yekha ka 9. Touchdown, 7-0. Koma Howard anaponya mipira 13 yoyamba osaphonya, Judkins analowa katatu, ndipo tinapezeka pa 31-7. Pabalaza pamene tinasonkhana, ena anayamba kufunsa za majekete awo.

Apa bwererani ku masamu a 8 aja. Kusiyana 24 ndi maulendo atatu. Jaden Greathouse alowa, tiwonjezera 2, ndi 31-15. Field goal ya Mitch Jeter wathu igunda mlongoti. Greathouse alowanso, 2 winanso, 31-23, ndipo a majekete aja anakhalanso pansi. Ohio State ili ndi mpira kwawo, kwatsala mphindi zosakwana 3, ndipo pansi pa sikirini palembedwa 3rd & 11. Ikalephera apa, imenya mpira kutali ndipo Notre Dame ipeza ulendo umodzi umene ikufuna. Wanzeru zakale akanathamanga ndi mpira kuti adye masekondi. Imitsani kanema mpira usanayambe, muone kumanja: Smith ali ndi womutchinga mmodzi yekha, Christian Gray, kumbuyo kulibe wothandiza, chifukwa Notre Dame yatumiza anthu kukagwira Howard. Howard aponya kutali, Smith awakha, mayadi 56. Fielding, uja anaphonya kawiri pa Michigan, amenya ya mayadi 33 ndipo zithera 34-23. Ohio State inamaliza itapambana 14 n'kugonja 2.

Mukafuna kutsatira sizoni yamoyo

Masewero amachitika Loweruka. Nthawi ya ku Columbus ndi South Bend imatsalira ya ku Malawi ndi maola 6 mpaka kumayambiriro kwa Novembala, kenako maola 7. Choncho masewero a 12 koloko masana kuno ndi 6 kapena 7 koloko madzulo ku Lilongwe, nthawi yabwino, ndipo a Ohio State ndi Michigan amayamba nthawi imeneyo. A usiku ndiwo ovuta: fainolo ya ku Atlanta inayamba cha m'ma 2:30 m'bandakucha wa Lachiwiri kwanuko. Playoff imaonetsedwa ndi ESPN, pomwe masewero a Big Ten amagawidwa pakati pa Fox, CBS ndi NBC, ndiye ambiri mudzadalira zidule za pa YouTube. Ngati mukuonera m'mawa, musatsegule Facebook musanaonere, ndipo sankhani zidule zazitali zimene zimaonetsa manambala a pansi aja, osati za ma touchdown okhaokha.

Mu Epulo fufuzaninso mayina, chifukwa timu ya pakoleji sikhalitsa. Pa chisankho cha NFL cha 2025 anatenga osewera 14 a Ohio State, kuphatikizapo Howard, Sawyer, Egbuka, Henderson, Judkins, Simmons ndi Jackson. Chip Kelly anapita ku Las Vegas Raiders, ndipo Jim Knowles, amene ankaphunzitsa otchinga, anasamukira ku Penn State, timu yomwe ija anyamata ake anaitsekera pa mayadi 3. Pa mayina akuluakulu amene mwaphunzira, amene anatsala ku Columbus mu 2025 anali Smith ndi Downs.